Mfunda wa 4,294,967,297

Pali nambala ina imene ndinailoweza pamtima ngati ya foni, ndipo ndi iyi: 4,294,967,297. Ili ndi zilembo khumi, ndendende ngati nambala za foni za kuno kwathu, kungoti iyi mukaiimba palibe angayankhe. Tayesani kuitchula m'Chichewa muone. Mabiliyoni anayi, mamiliyoni mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi mphambu anayi... apa mpweya watha kale, pa zikwi tisanafike n'komwe. N'chifukwa chake ambirife tikakumana ndi nambala yotere timathawira ku Chingerezi, kapena timangoti "zankhaninkhani", "miyandamiyanda", basi nkhani yatha. Mawu amenewa ndi okoma, koma amatuluka pakamwa pa munthu amene wasiya kuwerenga. Musaganizenso kuti wotchula m'Chingereziyo watiposa. Iyenso wangotchula dzina, nambalayo sakuidziwa.

Kukula kwake tingakuyerekeze. Mutati muziwerenga kamodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osagona osadya, mungathe zaka 136 kuti mukafike pamenepo. Zitakhala ndalama, pangafunike mapepala a K5,000 okwana 858,993, n'kuonjezapo K2,297. Kapena tengani bawo, lija la timaenje 32. M'kadzenje koyamba ikani njere imodzi ya chimanga, kachiwiri ziwiri, kachitatu zinayi, kachinayi zisanu ndi zitatu, kumangowirikiza choncho mpaka kadzenje komaliza. Njere zonse pamodzi zikhala 4,294,967,295. Onjezanipo ziwiri zokha, mwafika pa nambala yathu.

Komatu mlendo akafika pamudzi sitiyamba n'kumuyeza msinkhu. Timam'patsa mpando, kenako timafunsa kuti kwanu n'kuti, ndinu mwana wa yani, mfunda wanu ndani. Akati Phiri kapena Banda, pomwepo tadziwa momuitanira ndiponso abale ake. Akatswiri a masamu nawonso amatero ndi nambala. Funso lawo loyamba limakhala lakuti: kodi ndi nambala ziti zimene zimaigawa iyi popanda chotsala?

Mayi wogulitsa tomato pamsika nkhaniyi amaidziwa bwino. Akakhala ndi tomato 12, atha kuika milu iwiri ya 6, kapena itatu ya 4, kapena inayi ya 3. Akakhala ndi 13, ayese mulimonse, pamatsala woti apereke basela. 13 amangolola mulu umodzi waukulu, apo ayi aliyense payekhapayekha. Nambala zouma mutu ngati 13, 2, 3, 5, 7 ndi 11 kusukulu tinkazitchula kuti prime number, ine pano ndizitchula kuti nambala zosagawika. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imabadwa pochulukitsa zosagawikazi, ndipo njira yake imakhala imodzi yokha: 12 ndi 2 × 2 × 3, palibenso kwina angachokere. Ndiye tikamafunsa mfunda wa nambala, tikufunsa makolo ake amenewa.

Tiyeni timufunse mlendo wathuyu. Kodi 2 angamugawe? Ayi, akuthera ndi 7. Nanga 5? Ayi, sakuthera ndi 0 kapena 5. Nanga 3? Phatikizani zilembo zake zonse khumi, mupeza 59, ndipo 59 sagawika ndi 3, choncho iyenso sagawika. Yesani 7, yesani 11, 13, 17, 19. Chotsala chilipo nthawi zonse. Mungapitirize mpaka 100, mpaka 300, mpaka 600, mlendo ali phee, osatchula kholo ngakhale limodzi. Munthu wotopa akhoza kutseka kope n'kunena kuti iyi ndi yosagawika basi. Ndipo pali chifukwa china chachikulu chimene chingam'pangitse kukhulupirira zimenezo, chomwe ndi banja limene nambalayi inabadwiramo.

Banja lake limayenda motere. Yambani ndi 2. Mchulukitseni ndi iye mwini, mupeza 4. Chulukitsani 4 ndi 4, mupeza 16. Kenako 16 × 16 ndi 256, ndipo 256 × 256 ndi 65,536. Tsopano pa iliyonse onjezani 1. Mupeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Zisanu zonsezi ndi zosagawika, popanda yophonya. Mwana wachisanu ndi chimodzi amabadwa chimodzimodzi: 65,536 × 65,536 ndi 4,294,967,296, kuonjezapo 1, uyo mlendo wathu uja. Akulu ake asanu onse ndi osagawika. Nanga iye alekerenji?

Ndi mmene anaganizira Pierre de Fermat, munthu wa zamalamulo wa ku Toulouse, ku France, amene masamu ankachita pa nthawi yake yopuma koma n'kuposa ambiri a m'nthawi yake. Mu 1640 analembera anzake kuti akukhulupirira kuti nambala zonse za m'banja limeneli ndi zosagawika, mpaka kalekale. Tim'patse ulemu wake mkuluyu, chifukwa sananame: ananena poyera kuti umboni wokwanira analibe, ndipo mu 1654 anabwerezanso zomwezo polembera Blaise Pascal. Koma mtima wake unali utatsimikiza. Anamwalira mu 1665 mawu ake ali chiimire, ndipo mpaka lero nambala zimenezi zimatchedwa ndi dzina lake.

Timati mawu a akulu akoma akagonera. Awa anagonera zaka 92. Mu 1729 Christian Goldbach anam'kumbutsa za nkhaniyi Leonhard Euler, mnyamata wa ku Basel amene ankagwira ntchito ku St Petersburg, ndipo mu 1732 Euler, ali ndi zaka 25, analengeza kuti 4,294,967,297 imagawika ndi 641. Tulutsani foni, mutsegule kakyuleta, muchulukitse 641 ndi 6,700,417. Chitani ndithu, ndikudikirani. Mwaiona? Chimene chinam'dutsa Fermat chikukwana m'dzanja lanu, ndipo simufunika digiri kapena chilolezo cha wina aliyense kuti muchitsimikize.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi njira yofikira pa 641. Kuti munthu atsimikize kuti nambala yotere ndi yosagawika pongoyesa imodziimodzi, ayenera kuigawa ndi nambala zosagawika zonse zosapitirira 65,536, ndipo zilipo 6,542. Ndi cholembera cha nthenga, imeneyo ndi ntchito yoti munthu n'kuchita nayo imvi. Euler, patapita zaka, anadzasonyeza chimene chimafupikitsa ulendowu. Nambala iliyonse yogawa 4,294,967,297 iyenera kukhala yakuti ukaigawa ndi 64 pazitsala 1. Ndiye palibe chifukwa chogogoda pakhomo lililonse m'mudzi. Makomo ake ndi awa: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Mwa amenewa, 65, 129, 321, 385 ndi 513 ndi ogawika okha, tiwasiye. Kwatsala 193, 257, 449, 577 ndi 641. Kugawa kanayi, chotsala chilipo. Kachisanu, psiti, palibe chotsala. Mu 1878 Édouard Lucas anafupikitsanso njirayi posonyeza kuti m'malo mwa 64 tingagwiritse ntchito 128, ndipo apo 641 amapezeka pa khomo lachiwiri.

Chowawa chake n'chakuti Fermat khasu limeneli anali nalo. M'chaka chomwecho cha 1640 anagwiritsa ntchito nzeru yofanana ndi yomweyi pa nambala ina, imene imapezeka ukachulukitsa ma 2 okwana 37 n'kuchotsapo 1, ndipo anapeza kuti imagawika ndi 223. Kumeneko anakumba n'kupeza mbewa. Kuno, kumene mtima unali utamuuza kale yankho, 641 anakhala mu una zaka zonse zija.

Tisam'weruze msanga, chifukwa nambalayi nayo ndi kathyali. Fermat yemweyo anatisiyira njira yoyesera nambala. Tinene kuti mukuyesa 5. Chulukitsani ma 2 anayi, kutanthauza ochepera ndi mmodzi pa nambala mukuiyesayo, mupeza 16. Gawani 16 ndi 5, patsala 1. Nambala yosagawika iliyonse yoposa 2 imasiya 1 pa mayeso amenewa. Yesani 9: ma 2 asanu ndi atatu ndi 256, kugawa ndi 9 patsala 4, ndiye 9 wagwidwa kuti ndi wogawika. Koma 4,294,967,297 mukamuyesa ndi 2 amasiya 1, ngati wosagawika weniweni. Amadutsa pa rodibuloko yoyamba ndi chiphaso chooneka bwinobwino, n'kukagwidwa pa yachiwiri, mukamuyesa ndi 3. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali chizindikiro chinanso chimene chimamuulula. Nambala yosagawika ngati 13 itha kulembedwa ngati masikweya awiri ophatikiza, 2 × 2 kuphatikiza 3 × 3, ndipo njira yake ndi imodzi yokha. Pamene 65 ali ndi njira ziwiri, 1 kuphatikiza 64, komanso 16 kuphatikiza 49, chifukwa 65 ndi wogawika, ndi 5 × 13. Yathuyi njira yoyamba ili poyera: 65,536 × 65,536 kuphatikiza 1 × 1. Yachiwiri ndi 62,264 × 62,264 kuphatikiza 20,449 × 20,449. Munthu amene akupezeka ndi ziphaso ziwiri za mayina osiyana, pamenepo mwadziwa kale kuti pali nkhani.

Tsono mfunda wake tawudziwa. Makolo ake ndi awiri okha, 641 ndi 6,700,417, onse osagawika, ndipo nambala za makolo awiri chotere akatswiri amazitcha semiprime. Zoigawa zonse zilipo zinayi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Agiriki akale anali ndi kasanjidwe kena kamene ndimakakonda. Ankaphatikiza zogawa nambala zonse, kupatula mwini wake, n'kuona ngati zikum'kwanira. Za 6 ndi 1, 2 ndi 3, pamodzi 6, ndiye 6 ndi wokwana ndendende. Za 12 zimafika 16, ndiye 12 ndi wosefukira. Za mlendo wathu zimangofika 6,701,059, pamene iye ali pa mabiliyoni anayi. Ndi woperewera kwambiri, chimunthu chachikulu cha abale owerengeka.

Onaninso anansi ake, mudabwe. Khomo loyandikana nalo ndi 4,294,967,296. Ameneyu kholo lake ndi 2 yekha, ma 2 okwana 32 kuchulukitsana, ndipo ndi wodziwika kwambiri kwa anthu a makompyuta. Maadiresi a intaneti a mtundu wakale, wotchedwa IPv4, alipo ochuluka chomwecho. Pamene ankaukonza zinkaoneka ngati sangathe, koma mu February 2011 nkhokwe yaikulu ya maadiresiwa inagawa otsiriza ake. Khomo linalo ndi 4,294,967,295, njere za pabawo zija. Ameneyu ndi 3 × 5 × 17 × 257 × 65,537, akulu asanu aja onse m'nyumba imodzi. Si zangozi ayi. M'banja la Fermat mwana aliyense amapezeka pochulukitsa akulu ake onse n'kuonjezapo 2: 3 kuonjeza 2 ndi 5, 3 × 5 kuonjeza 2 ndi 17, 3 × 5 × 17 kuonjeza 2 ndi 257. Kuchokera pamenepa Goldbach anaona kuti m'banjali mulibe awiri amene ali ndi kholo limodzi.

Anansi awiriwa, wa 295 ndi wa 297, amasiyananso pa nkhani ina yokongola. Mukukumbukira kabokosi ka zida za masamu ka kusukulu, kaja ka rula ndi kampasi? Kuyambira nthawi ya Agiriki anthu ankadziwa kujambula chinthu cha mbali zitatu zofanana, kapena zisanu, ndi zida ziwiri zokhazi, osayeza ndi manambala a parula. Cha mbali 7 chinkakanika. Mu 1796 Carl Friedrich Gauss, ali ndi zaka 18, anasonyeza kuti cha mbali 17 n'chotheka, ndipo kenako zinadziwika kuti chinsinsi chagona pa nambala zosagawika za Fermat. Mwa zinthu za mbali zosagawika ndi 2, zimene zikudziwika kuti n'zotheka kujambula chotere zilipo 31, ndipo chachikulu pa zonse ndi cha mbali 4,294,967,295. Cha mbali 4,294,967,297 n'chosatheka, chifukwa cha 641 uja. Makomo atatu oyandikana, kusiyana kwake 1 yekha, koma makhalidwe ake kutalikirana ngati Nsanje ndi Chitipa. Uyu amene amangoti "mabiliyoni anayi" zonsezi sangazione.

Mwina mukuti, aaa, zimenezi zikutikhudza bwanji ife? Mbali ina n'zapafupi kuposa mmene tikuganizira. Njira ina yotetezera zinsinsi pa intaneti, yotchedwa RSA, imadalira mfundo yomweyi, yakuti kuchulukitsa nambala ziwiri zosagawika n'kosavuta, koma kupatsidwa yankho lokha kuti upeze makolo ake ndi ntchito yosautsa. Nambala zimene amagwiritsa ntchito masiku ano ndi ma semiprime ngati yathuyi, kungoti zimakhala ndi zilembo zoposa 600. Ndipo 65,537, mkulu wake wa mlendo wathu, amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri m'njira imeneyi. Zimene Fermat ankachita pocheza ndi anzake m'makalata lero zikulondera pakhomo.

Koma ine chimene chimandibweza ku nambalayi ndi china. Chinthu chinachitika kasanu motsatizana, munthu wanzeru kwambiri n'kunena kuti chidzachitika mpaka muyaya, kachisanu ndi chimodzi n'kulephereka. Kodi si mmene anthu amaluzira ndalama m'magulu aja ochulukitsa ndalama pafoni? Mwezi woyamba alandira, wachiwiri alandira, wachisanu alandira, ndiye amauza achibale kuti izi n'zenizeni, ndaona ndi maso angawa. Zoona anaonadi, koma kasanu si umboni. Umboni uli m'kayendedwe ka chinthucho, ndipo kayendedwe kake ndi ka bawo lija. Ngati aliyense ayenera kubweretsa anthu awiri, mzere wa 25 wokha ukufunika anthu 16,777,216. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo pafupifupi 17.5 miliyoni, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Ndiye amene ali kumunsi adzalipidwa ndi yani? Funso limeneli silifuna kudikira kuti gululo ligwe kaye. Lingayankhidwe tsiku loyamba, pakapepala.

Chimodzimodzi tikamva pawailesi za mabiliyoni, kaya a bajeti, kaya a ngongole, kaya osowa. Timagwira pakamwa, timati "eee, ndalama zake!", kenako timapitiriza zathu. Kugwira pakamwako n'chimodzimodzi ndi kunena kuti miyandamiyanda. Nambala yaikulu imafuna kufunsidwa mofatsa ngati mlendo uja. Yapangidwa ndi chiyani kuchulukitsa chiyani? Matumba angati, pa mtengo wanji? Anthu angati, kwa miyezi ingati? Mukaigawa, chotsala chilipo? Kawirikawiri sipafunika kugogoda makomo 6,542. Pamangofunika kudziwa makomo asanu oyenera, ndi kudekha kofika pa lachisanulo.

Palinso nkhani ya ulemu, imene kwathu kuno ndi yovuta. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula, mwana sabweza. Ndimaona kuti Euler anam'lemekeza Fermat kuposa onse amene anangovomera. Anawerenga zolemba zake mosamala, ndipo m'moyo wake anapereka umboni wa mfundo zingapo zimene Fermat anazisiya zopanda umboni, kuphatikizapo njira yoyesera nambala ija ndi nkhani ya masikweya awiri. Pamene mkuluyo ananena zoona, Euler anamangapo maziko. Pamene anaphonya, anaonetsa 641, popanda chipongwe, popanda phokoso. Mawu a akulu amakomadi akagonera, koma pafunika wina wodzuka m'mawa n'kuvundukula mphika kuti aone ngati sanasase. Dzina la Fermat silinachepe chifukwa cha zimenezi. Likanachepa anthu akanakhala kuti ankaopa kuyesa mawu ake.

Nanga ana otsatira a m'banjali? Wachisanu ndi chiwiri ndi 18,446,744,073,709,551,617, ndipo amagawika ndi 274,177. Wotsatira wake makolo ake anapezeka mu 1970, ndi kompyuta. Akatswiri amawerenga ana amenewa kuyambira pa 0, choncho 3 ndi F0, 65,537 ndi F4, ndipo mlendo wathu ndi F5. Kuyambira F5 mpaka F32, onse 28 atsimikizika kuti ndi ogawika. Ena, monga F20 ndi F24, akudziwika kuti ndi ogawika ngakhale kuti kholo lawo ngakhale limodzi silinapezeke. Chichokereni nthawi ya Fermat, palibe amene wapezanso wosagawika wina m'banjali kupitirira 65,537. Asanu oyamba aja, amene ankaoneka ngati chiyambi cha mzere wopanda malire, mpaka pano ndi okhawo.

Woyamba amene sanayankhe mfunda wake ndi F33, chinambala cha zilembo zoposa mabiliyoni awiri ndi theka. Mukandifunsa maganizo anga, mtima ukuti nayenso ndi wogawika, chifukwa 28 motsatizana si masewera. Koma ndikamva mtima ukulankhula choncho ndimaumwetulira, pakuti ndi mawu omwewo amene unalankhula kwa Fermat, kungoti iye anali ndi asanu, ine ndili ndi 28. F33 adakali pampando, ndipo amene adzam'dziwe ndi amene adzabwere ndi umboni m'manja.